Funsani Tikuyankheni: Ntchito Yongodzipereka Pakati pa Ana ku Cambodia

Makalata amene tasankha mwezi uno achokera kwa owerenga amene akuganiza zopita ku Cambodia, kapena kulola mwana wawo kupitako, kukagwira ntchito yongodzipereka pakati pa ana. Amene wayankha ndi mlembi wathu amene anaphunzitsapo m'chigawo cha Battambang, kumpoto chakumadzulo kwa dzikolo. Makalatawo tawafupikitsa ndipo mayina a eni ake tawabisa.

Funso: Ndine mphunzitsi wa pulayimale ndipo ndinapuma pa ntchito chaka chatha. Bungwe lina limene limagwirizana ndi mpingo wathu landiitana kuti ndikathandize kwa miyezi 6 pa sukulu yaing'ono ya m'mudzi pafupi ndi Battambang, komwe ana amaphunzira Chingerezi kwaulere. Andifotokozera za ndege ndi za malo ogona, koma palibe amene wandiuza mmene tsiku limayendera kuchokera m'mawa mpaka usiku. Kodi ndiyembekezere zotani? Mayi a ku Dedza.

Yankho: Mayi, konzekerani kudzuka m'bandakucha, chifukwa m'midzi ya ku Cambodia ntchito yambiri imagwiridwa dzuwa lisanakwere. Pofika 5 koloko njinga zamoto zimakhala zayamba kale ulendo wa kumsika, ndipo ngati m'mudzimo muli ukwati kapena maliro, zimkuzamawu zimatsegulidwa mdima ukadalipo popanda wodandaula. Kukacha amonke achibuda amatuluka m'kachisi atanyamula mbale zawo n'kumaima chete pamakomo. Mwini nyumba amavula nsapato, amaika mpunga kapena ndalama m'mbalemo, kenako amawerama kuti amupempherere. Kadzutsa mudzadyera pa kachisakasa ka m'mbali mwa msewu, pomwe amagulitsa mpunga wa nyama ya nkhumba yootcha umene amautchula bai sach chrouk, kapena phala la mpunga lothiramo nsomba. Buledi aliponso, wautali ndi wouma khungu, amene anatsalira kuchokera m'nthawi ya ulamuliro wa France umene unatha mu 1953.

Kuti mumvetse ndandanda yanu muyenera kudziwa kaye mmene sukulu za boma zimayendera. Zambiri mwa izo zimaphunzitsa ana m'magulu awiri chifukwa zipinda ndi aphunzitsi sizikwanira: gulu loyamba limalowa 7 koloko n'kuweruka 11 koloko, lachiwiri limalowa 1 koloko n'kuweruka 5 koloko. Choncho ana amene kusukulu ya boma amapita masana adzabwera kwa inu m'mawa, enawo adzabwera masana, ndipo phunziro limodzi mudzalibwereza kawiri kapena katatu pa tsiku, popeza chakumadzulo kumabweranso a sekondale amene amafuna Chingerezi kuti adzapeze ntchito m'mahotela a ku Siem Reap kapena m'maofesi a ku Phnom Penh. Mabanja opezako bwino amalipirira ana awo maphunziro apadera kwa aphunzitsi omwewo a boma akaweruka, ndipo mwana wosalipira amatsalira m'mbuyo, n'chifukwa chake sukulu zaulere za m'midzi zilipo. Kusowa kwa aphunzitsi kuli ndi mbiri yake. Kuchokera pa 17 Epulo 1975 mpaka pa 7 Januwale 1979 boma la Khmer Rouge, lotsogoleredwa ndi Pol Pot, linatseka sukulu, ndipo anthu pakati pa 1.5 ndi 2 miliyoni anafa ndi njala, matenda, ntchito yakalavulagaga ndi kuphedwa. Anthu ophunzira ndiwo ankasakidwa kwambiri, ndipo ndende ya Tuol Sleng ku Phnom Penh, imene lero ndi malo osungirako mbiri, poyamba inali sukulu ya sekondale. Agogo ambiri amene akulera ana a m'kalasi mwanu, makolo atapita kukagwira ntchito kumafakitale a zovala kapena kunja kwa dziko, anakula m'zaka zimenezo ndipo ena mwa iwo sadziwa kuwerenga. Musadabwe homuweki ikabwera yosalembedwa, ndiponso musawafunse agogowo za nthawi imeneyo pokhapokha atayamba okha.

Chimene chidzakuvutani kuposa kutentha, Mayi, ndi nkhani ya udindo. Mwaphunzitsa zaka zambiri, koma mwini kalasi imeneyo ndi mphunzitsi wachikhmer, ndiye kuti mbadwa ya komweko, mwina mtsikana wa msinkhu wa mwana wanu womaliza, ndipo inu mudzakhala womuthandiza. Ine ndikuona kuti ndi mmene ziyenera kukhalira, chifukwa iye ndi amene amalankhula chinenero cha anawo, amadziwa nyumba imene muli ngongole ndi imene muli matenda, ndipo adzakhalapobe inu mutabwerera ku Dedza. Bungwelo likafuna kukusiyirani kalasi nokha, funsani chifukwa chake, ndipo funsaninso amene adzapitirize mukachoka. Chimene mungapereke chenicheni ndi luso lanu: kukonza dongosolo la phunziro pamodzi ndi iye, kugawa ana m'magulu, ndi TALULAR, njira yophunzitsira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi, imene munaizolowera kuno, popeza zitsekerero za mabotolo, makatoni ndi timitengo ta nsungwi zili paliponse. Mukaona cholakwika pa kaphunzitsidwe kake musamudzudzule pamaso pa ana kapena pa anzake. Muitanireni pambali, yambani ndi zimene wachita bwino, ndipo vutolo mulinene mofunsa. Anthu a kumeneko amadana kwambiri ndi kuchititsidwa manyazi pagulu, ndipo wokalipa mokweza mawu ndi amene amataya ulemu, ngakhale atakhala kuti akunena zoona.

Ana adzakutchulani neak kru, dzina laulemu la mphunzitsi wamkazi, ndipo moni adzakupatsani ataphatikiza manja n'kuweramitsa mutu. Masilipasi awo amawandandalika pakhomo la kalasi, kope amalipereka ndi manja awiri, ndipo akamadutsa kutsogolo kwa munthu wamkulu amapinda msana. Pobwereza mawu onse pamodzi amafuula ndi mphamvu zonse, koma mukaloza mmodzi kuti ayankhe yekha amangomwetulira n'kuyang'ana pansi, kuopa kulakwitsa anzake akuona, kotero ntchito ya awiriawiri ndi nyimbo zimathandiza kuposa kufunsa mmodzimmodzi. Mudzamva kuti amameza s wa kumapeto kwa mawu achingerezi, chifukwa chinenero chawo sichimaliza mawu ndi liwu limenelo, ndipo inunso muziyang'anira r ndi l wanu, popeza anawo adzatengera ndendende zimene amva. Kumbukiraninso kuti zilembo zathuzi kwa iwo n'zachilendo. Alifabeti yawo ili ndi makonsonanti 33 ndi mavawelo oposa 20, ndipo polemba sasiya mpata pakati pa mawu, choncho ana aang'ono amayambira pa kalembedwe ka a ndi b.

Kuyambira 11 koloko mudzi wonse umapuma. Nyumba zambiri za kumudzi zimamangidwa pamwamba pa nsanamira, ndipo pamthunzi wa pansi pake ndi pamene banja limadyera n'kugona m'machira omangirira ku nsanamirazo. Gonani nawo, chifukwa mu Malichi ndi Epulo kutentha kumayandikira madigiri 40, ndipo mlendo wofuna kuonetsa khama nthawi imeneyi amangodwala. Kusamba n'kwa kawiri kapena katatu pa tsiku. Madzi amasungidwa m'mitsuko ikuluikulu pambali pa nyumba, ndipo amayi amasambira pomwepo atamanga nsalu m'chifuwa, choncho zitenje zanu musazisiye. Muzitunga ndi kachikho n'kudzithira mutaima pambali, osalowetsa sopo kapena dzanja la thovu mumtsukomo, chifukwa madziwo ndi a banja lonse. Akumwa muzigula a m'mabotolo aakulu a malita 20, kapena muzimwa osefa.

Mdima umagwa cha m'ma 6 koloko chaka chonse, mgonero umadyedwa msanga, ndipo pofika 9 koloko nyali zambiri zimakhala zazimitsidwa. Kusungulumwa kumabwera nthawi imeneyi. Cambodia ili patsogolo pa Malawi ndi maola 5, kotero inu mukamagona a kunyumba amakhala asanaweruke kuntchito, ndipo ndi bwino kupangana nawo nthawi yoimbirana musananyamuke. Intaneti ya pafoni ndi yotsika mtengo ndipo imafika m'midzi yambiri, koma aphunzitsi anzanu mudzawapeza pa Telegram ndi pa Facebook kuposa pa WhatsApp. Mvula imagwa kuyambira Meyi mpaka Okutobala, ndipo popeza Battambang ndi dera lolima mpunga kwambiri, ana ena amajomba nthawi yowokera ndi yokolola. Sukulu imatsekedwa pakati pa Epulo pa chikondwerero cha chaka chatsopano cha kumeneko, komanso pa Pchum Ben mu Sepitembala kapena Okutobala, pamene mabanja amapita ku akachisi kukapereka chakudya pokumbukira makolo awo amene anamwalira. Ngati tsiku lonyamuka mungasankhe nokha, fikani mu Novembala, mvula itasiya ndi kutentha kutachepa, kuti Epulo adzakupezeni mutazolowera.

Funso: Ndimagwira ntchito ku Johannesburg ndipo ndasunga kandalama. Pa Facebook ndaona kampani imene imatumiza anthu kukakhala milungu iwiri m'nyumba yosungira ana amasiye ku Siem Reap. Ukalipira umagona pomwepo, umasewera ndi ana, umawaphunzitsa nyimbo, ndipo Loweruka amakutenga kukaona kachisi wakale wotchuka wa Angkor Wat. Inenso ndinakula wamasiye ndipo mtima wanga uli pa ana oterewa. Kodi pali choipa? Mnyamata wa ku Mangochi, wokhala ku Johannesburg.

Yankho: Achimwene, mtima wanu sindikuukayikira, koma ulendo umenewu musaulipire. Ana ambiri a m'nyumba zimenezi si amasiye. Kafukufuku amene unduna woona za chisamaliro cha anthu ku Cambodia unachita mothandizidwa ndi UNICEF, wofalitsidwa mu 2011, anapeza kuti nyumba zotere zinachuluka kuchoka pa 154 mu 2005 kufika pa 269 mu 2010, nkhondo itatha kale ndipo alendo okaona malo akuchuluka chaka ndi chaka, komanso kuti ana pafupifupi atatu mwa anayi alionse anali ndi kholo limodzi kapena onse awiri amoyo. Kalembera wina wofalitsidwa mu 2017 anapeza nyumba 406 zosunga ana 16,579.

Zimachitika motere. Munthu amapita kumudzi wakutali n'kuuza mayi wosauka kuti mwana wake akadya katatu pa tsiku ndi kuphunzira Chingerezi mumzinda, ndipo mayiyo amadinda chala pa pepala chifukwa cha umphawi ndi chikondi chomwe. Mwanayo akafika amasanduka nyambo yokopera alendo: madzulo amavekedwa zovala za magule a makolo n'kuvinira anthu otsika m'basi, kenako bokosi la zopereka limazungulira. Nyumba ikamaoneka yosauka ndi pamene alendo amapereka zambiri, choncho eni ake ena amasiya dala denga likudontha. Si nyumba zonse zili choncho, pakuti zina zimayendetsedwa ndi anthu oona mtima, koma ngakhale m'nyumba yabwino vuto lina limatsala, ndipo inu amene munakula wamasiye mudzalimvetsa kuposa ine. Mwana amene amakumbatiridwa ndi mlendo watsopano milungu iwiri iliyonse, n'kutsanzikana naye akulira, amazolowera kuti aliyense womukonda amachoka. Alendo amasangalala mwana akawathamangira n'kuwakangamira tsiku loyamba lomwe, n'kumati ana a kuno ndi achikondi, pamene akatswiri a kakulidwe ka ana amaona khalidwe limenelo ngati chizindikiro chakuti mwanayo alibe munthu mmodzi wokhazikika womudalira. Palinso ngozi ina yoonekeratu, yakuti malo amene amalola aliyense wolipira kugona pafupi ndi ana osamufufuza amalolanso ogwirira ana, ndipo alendo ena aweruzidwapo pa milandu yotere m'makhoti a dzikolo.

Anthu a ku Cambodia eni ake akulimbana nalo vutoli. Boma linakhazikitsa ndondomeko yobwezera kwa abale awo ana 30 pa 100 alionse a m'nyumba zimenezi m'zigawo zisanu, kuphatikizapo Siem Reap ndi Battambang. Bungwe la Friends-International, limene linayamba ku Phnom Penh mu 1994, lakhala likuchenjeza alendo kudzera mu ntchito yake ya ChildSafe kuti ana si malo okaonako. Cambodian Children's Trust ya ku Battambang inayamba ngati nyumba ya ana amasiye, kenako inasintha n'kuyamba kuthandiza mabanja kuti ana azikula kwawo. Mu 2018 Australia inakhala dziko loyamba kuzindikira kuti kulowetsa ana m'nyumba zotere pofuna phindu ndi mtundu wa ukapolo wa masiku ano.

Bungwe lililonse limene mungaliganizire, liyeseni ndi mafunso ochepa. Funsani ngati ana amabwerera kwawo madzulo. Onani ngati likufuna chikalata cha kupolisi chosonyeza kuti simunapalamulepo mlandu, ngati likukusainitsani malamulo oteteza ana, ndiponso ngati likuletsa mlendo kukhala yekha ndi mwana. Funsani nthawi yochepetsetsa imene limalola, chifukwa mabungwe odalirika amafuna miyezi ingapo ndi luso linalake, ndipo funsani gawo la ndalama yanu limene limafika ku Cambodia. Bungwe limene likungofuna nambala ya khadi lanu la ku banki lisiyeni.

Ngati muli ndi milungu iwiri yokha, pitani ngati mlendo wokaona malo, palibe manyazi pamenepo. Kaoneni Angkor Wat, imene inamangidwa m'zaka za m'ma 1100 mu ulamuliro wa Suryavarman II, ndipo gulani tikiti ya zisudzo za Phare, zimene zimathandiza sukulu ya luso ya Phare Ponleu Selpak, yoyambitsidwa ku Battambang mu 1994 ndi achinyamata obwerera kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo. Chotsala mungapereke ku Angkor Hospital for Children, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 1999, kapena ku zipatala za Kantha Bopha zimene dokotala wa ku Switzerland, Beat Richner, anatsogolera ndipo zimathandiza ana kwaulere. Koma ngati chimene mukufuna ndi kukhala pafupi ndi ana kwa zaka, sukulu za mkombaphala za kwanu ku Mangochi zingakulandireni, ndipo kumeneko chinenero cha anawo mumachidziwa.

Funso: Mwana wanga wamkazi wamaliza maphunziro a digiri, ndipo munthu wina amene anadziwana naye pa intaneti wamulonjeza malo m'bungwe losamalira ana ku Cambodia, tikiti ya ndege yaulere, ndi madola 1,000 pamwezi, ngakhale akuti ndi ntchito yongodzipereka. Ine mtima sukukhala pansi. Ndimulole? Bambo a ku Chipata, Zambia.

Yankho: Bambo, musamulole mpaka mutafufuza, ndipo ndikukayika ngati kufufuzako kudzapeza bungwe lenileni. M'dziko limene malipiro otsikitsitsa a m'mafakitale a zovala anali madola 204 pamwezi mu 2024, palibe chifukwa chomveka chopatsira wongodzipereka amene alibe luso lapadera madola 1,000 ndi tikiti yaulere. Malonjezo otere ndi amene amagwiritsidwa ntchito ndi magulu obera anthu pa intaneti, amene ali ndi nyumba zotchingidwa ndi mipanda ku Sihanoukville, Poipet, Bavet ndi malo ena. Munthu akatsika ndege amamulanda pasipoti, amamutsekera, n'kumukakamiza kunamiza anthu a m'mayiko ena pa kompyuta, ndipo akalephera amamenyedwa kapena kugulitsidwa ku gulu lina. Mu 2023 ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inati anthu pafupifupi 100,000 angakhale akusungidwa motere ku Cambodia, ndipo pakati pa opulumutsidwa pakhala pali Aafirika.

Pemphani dzina la bungwelo, kenako pezani nokha nambala yake ya foni pa tsamba lake lenileni, osati imene munthuyo wapereka, n'kufunsa ngati akumudziwa. Malinga ndi lamulo la 2015, mabungwe a m'dzikolo amalembetsa ku unduna wa za m'dziko ndipo ochokera kunja amasainirana mgwirizano ndi unduna wa maubale ndi mayiko ena, choncho pemphani umboni wake. Bungwe lenileni limafotokozanso za visa momveka: ya alendo okaona malo ndi ya masiku 30 ndipo imawonjezeredwa kamodzi kokha, pamene wokhala miyezi yambiri amafunika ya mtundu wa E. Mwana wanu akhale ndi tikiti yobwererera imene wagula yekha, ndipo pasipoti asapatse aliyense kuti amusungire.

Zonse zikapezeka kuti n'zoona, ngozi zotsala ndi za masiku onse, ndipo yaikulu ndi msewu. Galimoto zimayenda mbali ya kumanja, mosiyana ndi ku Zambia ndi ku Malawi, choncho powoloka ayambe wayang'ana kumanzere. Njinga yamoto asakwere opanda helemeti, ndipo mumzinda aziitana tuk-tuk, njinga yamoto yokhala ndi ngolo ya okwera, pa foni kudzera pa PassApp kapena Grab, chikwama atachiika mkati chifukwa ku Phnom Penh akuba a panjinga amatsomphola. Malungo achepa kwambiri ndipo atsalira m'madera a nkhalango, koma dengue ndi yofala nthawi ya mvula. Udzudzu wake umaluma masana, kotero neti yokha sikwanira. Azipaka mankhwala othamangitsa udzudzu, ndipo thupi likatentha amwe panado n'kupita kukayezetsa magazi, osamwa asipirini kapena Brufen, chifukwa zimenezi zimawonjezera ngozi yotaya magazi. Galu akamuluma atsuke bala ndi sopo kwa mphindi 15 n'kufulumira kukabaya katemera wa chiwewe, amene amapezeka ku Institut Pasteur ku Phnom Penh. Inshulansi yake ikhale yolipira ulendo wa kuchipatala cha ku Bangkok kapena Singapore, kumene odwala kwambiri amatumizidwa.

Mabomba okwirira a nthawi ya nkhondo akadalipo m'madera ena a Battambang, Pailin ndi Banteay Meanchey, ndipo lamulo lake ndi kuyenda m'njira imene anthu amayendamo ndi kulemekeza zikwangwani zofiira. Ena mwa ogwira ntchito yowasaka ndi abwampini ophunzitsidwa ku Morogoro ku Tanzania ndi bungwe la APOPO, ndipo mmodzi wa iwo, Magawa, analandira mendulo ya golide mu 2020. Kumalire ndi Thailand kunabuka nkhondo mu 2025, choncho malo alionse a pafupi ndi malirewo awapewe.

Funso: Ndimaphunzitsa Sande sukulu ndipo ndikupita ndi gulu kukathandiza pa sukulu ya mkaka ku Kampot. Kodi ndingawauze ana mawu a Mulungu? Nanga ndi miyambo iti imene ndiyenera kusamala? Mayi a ku Area 25, Lilongwe.

Yankho: Mayi, malamulo aakulu a dzikolo amati Chibuda ndicho chipembedzo cha boma, komabe amapereka ufulu wopembedza, ndipo matchalitchi alipo, monganso mizikiti ya anthu a mtundu wa Cham. Anthu oposa 9 mwa 10 alionse ndi Abuda. Maganizo anga ndi akuti mwana amene makolo ake amutumiza kudzaphunzira kuwerenga aphunzitsidwe kuwerenga, ndipo za chikhulupiriro zichitike kutchalitchi, makolo akudziwa ndi kuvomereza, popanda kuzimangirira ku phala, makope kapena fizi. Mayi wosauka sangakane poyera munthu amene akudyetsa mwana wake, ndipo kuvomera kotero sikutanthauza kuti wakondwa.

Pa miyambo, mutu umalemekezedwa kwambiri ndipo phazi limaonedwa ngati lonyozeka, choncho musazolowere kusisita ana kumutu, musaloze chinthu ndi phazi, ndipo mukakhala pansi m'kachisi pindirani miyendo kumbali kuti mapazi asayang'ane fano la Buddha. Mkazi sakhudza mmonke ndipo samupatsa chinthu m'manja, amachiika pansi kuti atenge yekha. Vulani nsapato polowa m'nyumba, valani zobisa mapewa ndi mawondo, ndipo poitana mwana chikhatho chiyang'ane pansi. Chikwapu ndi choletsedwa m'sukulu, ndipo kwa mlendo ngakhale kutsina khutu kungathetse ntchito yake tsiku lomwelo. Za ndale musayankhulepo, ndipo dziwani kuti kuyambira 2018 kunyoza mfumu ya dzikolo, amene pano ndi Norodom Sihamoni, ndi mlandu wopita nawo kundende.

Funso: Kodi munthu wakuda amalandiridwa bwanji kumeneko? Kodi nsima ndikaipeza? Ndipo anawo ndiwatengere mphatso zanji? Mtsikana wa ku Zomba.

Yankho: Achemwali, kumudzi mudzayang'anidwa kwambiri, ana adzafuna kugwira tsitsi lanu, ndipo ena aang'ono adzalira tsiku loyamba. Kawirikawiri chimakhala chidwi chabe ndipo chimatha anthu akakuzolowerani, koma tsankho liliponso: khungu loyera limatamandidwa, mafuta oyeretsa khungu adzaza m'misika, ndipo makolo ena amaganiza kuti Chingerezi chenicheni ndi cha mzungu. Pemphani mphunzitsi wamkulu kuti akudziwitseni kwa makolo ndi kwa mfumu ya mudzi sabata yoyamba, ndipo phunzirani kutchula anthu ndi mayina a ubale monga iwo amachitira, bong kwa wokuposani pang'ono, ming kwa mayi wa msinkhu wa azakhali, ndi yeay kwa agogo aakazi. Zodzola ndi zokonzera tsitsi nyamulani zokwanira.

Ufa wa nsima sumapezeka mosavuta, ndipo mpunga ndiwo mudzadye katatu pa tsiku. Ndiwo sizidzakuvutani, pakuti nsomba za m'nyanja ya Tonle Sap, maungu, chinangwa, mbatata, nthochi ndi mango zilipo, komanso masamba a m'madzi otchedwa trakuon, amene amakoma mofanana ndi kholowa. Chimene chimafuna kuzolowera ndi prahok, nsomba zosungidwa mumchere mpaka kusasa, zimene amathira mumsuzi wambiri.

Mphatso musanyamule za mwana mmodzimmodzi, ndipo maswiti asiyeni. Makope, choko ndi mipira gulani pamsika wa komweko, kumene n'zotsika mtengo, n'kuzipereka kwa mphunzitsi wamkulu kuti zikhale za sukulu. Chithunzi cha mwana musachiike pa Facebook popanda chilolezo cha makolo ndi cha bungwe, ndipo musalembe dzina lake kapena la mudzi wake. Ndalama ya dzikolo ndi riel, pafupifupi 4,000 pa dola imodzi, ndipo madola a ku America amayendanso, koma chenje chaching'ono amabweza mu riel. Posintha ndalama musananyamuke, yang'anitsitsani pepala lililonse la dola, chifukwa long'ambika pang'ono kapena lolembedwalembedwa ogulitsa ambiri amalikana.